Musanagule mawindo a nyumba yakale ku England: zimene lamulo likufuna kwa inu

Nyengo yachisanu ikafika ku England, nyumba yakale imadziwikira pa mawindo. Mphepo imalowera m'mipata, magalasi amadzuka atanyowa, bilu ya gasi nayo n'kukwera. Ndi nthawi yomweyi imene makampani a mawindo a pulasitiki amaponya timapepala pakhomo, kulonjeza kuti pamasiku awiri okha akhala atazula akalewo n'kuika atsopano. Kwa eni nyumba ambiri palibe choletsa. Koma ngati nyumba yanu ili pa mndandanda wa nyumba zotetezedwa, kapena ili m'dera limene khonsolo inaliika pansi pa chitetezo, kuvomera mwachangu kukhoza kukugwetsani mumlandu, n'kukulipiritsaninso kawiri pa ntchito imodzi.

Abale athu ambiri amene anakhazikika ku Britain tsopano akugula nyumba, ena akuchita lendi, ena ndi amisiri olembedwa ntchito yokonza nyumba za anthu. Onsewa lamuloli likuwakhudza. Mutu wa nkhani ndi umodzi: windo la nyumba yotetezedwa silisankhidwa m'kabuku ka wogulitsa. Mumayamba mwadziwa kuti nyumba yanu ili m'gulu liti, n'kuona ngati windo lakalelo lingakonzeke, n'kupeza chilolezo, ndipo ndalama zimatuluka pomaliza.

Mitundu iwiri ya chitetezo

Mtundu woyamba ndi wa nyumba imene yalembedwa payokha pa mndandanda wa boma chifukwa cha mbiri yake kapena luso la kamangidwe kake. M'makalata a khonsolo nyumba yotere imatchedwa listed building. Bungwe la Historic England ndilo limasunga mndandandawu, ndipo uli ndi nyumba zoposa 370,000. Zimaikidwa m'magulu atatu: Grade I, Grade II* ndi Grade II. Pa nyumba 10 zilizonse, zoposa 9 zili mu Grade II, ndipo zambiri mwa izo ndi nyumba wamba zogonamo anthu, masitolo ndi nyumba za m'mafamu. Pafupifupi nyumba iliyonse yomangidwa chisanafike chaka cha 1700, imene sinasinthidwe kwambiri, ili pa mndandandawu. Zambiri zomangidwa pakati pa 1700 ndi 1850 zilinso pomwepo.

Pali chinthu chimodzi chimene chimasokoneza anthu ambiri. Amaganiza kuti nyumba ya Grade II imatetezedwa kumaso kokha, mbali yoyang'ana kumsewu. Sizili choncho ayi. Chitetezo chimakuta nyumba yonse, kunja ndi m'kati, kumaso ndi kuseri. Windo la kubafa loyang'ana kubwalo lakuseri ndi lotetezedwa chimodzimodzi ndi la pabalaza. Ngakhale tinyumba tina ta pamalopo, monga khola kapena mosungira katundu, tikhoza kutetezedwa ngati tinalipo kale chisanafike mwezi wa July 1948.

Mtundu wachiwiri ndi wa dera lonse. Khonsolo ikaona kuti misewu ina ili ndi maonekedwe oyenera kusungidwa, imalemba malire n'kulengeza kuti malowo ndi conservation area. Dongosolo limeneli linayamba m'chaka cha 1967, ndipo tauni ya Stamford ku Lincolnshire ndiyo inali yoyamba. Lero ku England kuli madera otere pafupifupi 10,000. Nyumba yanu ikhoza kukhala ya wamba, yosalembedwa pa mndandanda uliwonse, koma n'kukhudzidwabe chifukwa cha msewu umene ili. Kumeneku chidwi cha khonsolo chimakhala pa maonekedwe akunja, makamaka zimene munthu wodutsa mumsewu amaona.

Zonse ziwirizi zili pansi pa lamulo limodzi la m'chaka cha 1990 lokhudza nyumba ndi madera otetezedwa.

Mungadziwe bwanji kuti nyumba yanu ili pati

Kufufuza ndi kwaulere, ndipo sikutenga nthawi. Pa tsamba la intaneti la Historic England pali National Heritage List for England, pomwe mumalemba adiresi kapena kuyang'ana pamapu. Yang'anani pamapu ndithu, chifukwa nyumba zolumikizana mumzere umodzi nthawi zina zimalembedwa pamodzi pansi pa dzina limodzi, ndipo manambala a nyumba amasintha m'kupita kwa zaka.

Za dera lotetezedwa mukazipeza ku khonsolo ya kwanuko. Makhonsolo ambiri ali ndi mapu a maderawa pa intaneti, komanso chikalata chofotokoza zimene zimachititsa dera lililonse kukhala lapadera. Chikalata chimenecho chiwerengeni, chifukwa nthawi zambiri chimatchula mtundu wa mawindo amene khonsolo ikufuna kuti asungidwe. Funsaninso funso ili mwachindunji: kodi msewu wathu uli pansi pa Article 4 Direction? Limeneli ndi lamulo lapadera limene khonsolo imaika pofuna kuchotsa ufulu wosintha zinthu zing'onozing'ono popanda chilolezo, ndipo mawindo ndi zitseko zakumaso ndizo zimakonda kulowamo.

Ngati munagula nyumbayo posachedwa, onani mapepala a kafukufuku amene loya wanu anachita pogula. Zonsezi zimayenera kupezekamo.

N'chifukwa chiyani windo lili nkhani yaikulu chonchi

Munthu akhoza kudabwa kuti boma likulimbikira chiyani pa thabwa ndi galasi. Yankho lake n'lakuti windo limanena zaka za nyumba kuposa chinthu china chilichonse chooneka kunja.

Mawindo otsegula pokankhira mmwamba ndi pansi, otchedwa sash, anayamba kufala ku England chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600. M'mbali mwa felemu yake muli bokosi lobisika momwe mumalendewera zitsulo zolemera zomangidwa ku chingwe, ndipo zitsulozo ndizo zimagwira windo kuti lisagwe mukalikweza. Poopa moto, lamulo la ku London la m'chaka cha 1709 linalamula kuti mafelemu alowe m'kati mwa khoma mainchesi 4, ndipo la 1774 linawonjezera kuti bokosi lija libisike kuseri kwa njerwa. Katswiri akangoona mmene windo lakhalira pakhoma amatha kuyerekeza nthawi imene nyumbayo inamangidwa.

Galasi nalo lili ndi mbiri. Kale linkapangidwa pamanja, tizidutswa ting'onoting'ono, n'chifukwa chake nyumba za m'zaka za m'ma 1700 zili ndi timagalasi 6 pamwamba ndi 6 pansi, tolekanitsidwa ndi timatabwa topyapyala. Msonkho wa galasi utachotsedwa mu 1845, ndi msonkho wa mawindo mu 1851, magalasi akuluakulu anatsika mtengo, ndipo mawindo anayamba kukhala ndi magalasi awiri kapena limodzi mbali iliyonse. Galasi lakalelo silosalala kwenikweni. Lili ndi timafunde timene timanyezimira mosiyanasiyana dzuwa likawomba. Galasi losalala la masiku ano linabwera ndi kampani ya Pilkington mu 1959. Galasi lakale likasweka n'kutayidwa, mbiri imeneyo yapita.

Palinso nkhani ya matabwa. Mawindo ambiri akale anapangidwa ndi matabwa a mitengo imene inakula pang'onopang'ono m'nkhalango zozizira za kumpoto kwa Europe, olimba kuposa matabwa wamba ogulitsidwa lero. N'chifukwa chake windo la zaka 150 limapezeka lawola pansi pokha, kwina konse lili bwinobwino.

Ntchito iti imafuna chilolezo

Ngati nyumba yanu ili pa mndandanda, lamulo likuti ntchito iliyonse yosintha chimene chimaipanga nyumbayo kukhala yapadera imafuna chilolezo chotchedwa listed building consent. Kuchotsa windo lonse n'kuika lina pafupifupi nthawi zonse kumafuna chilolezochi, ngakhale latsopanolo likhale lofanana ndi lakale. Chimodzimodzinso kusintha galasi limodzi kuika la magalasi awiri, kusintha matabwa kuika pulasitiki kapena aluminiyamu, kusintha katsegulidwe, kukulitsa windo kapena kuboola lina. Kukonza pang'ono pogwiritsa ntchito zipangizo zofanana ndi zakale, monga kusintha chingwe choduka, kumata galasi logwedera kapena kupakanso penti ya mtundu womwewo, kawirikawiri sikufuna chilolezo.

Pakati pa kukonza ndi kusintha pali malire osaoneka bwino, ndipo amene amagamula ndi khonsolo, osati inu kapena mmisiri wanu. Mukakayika, lemberani mlangizi wa khonsolo woona za nyumba zakale, amene amatchedwa conservation officer. Ngati mukufuna yankho lolembedwa limene lingakutetezeni mtsogolo, pemphani chikalata chotchedwa Certificate of Lawfulness of Proposed Works, chotsimikiza kuti ntchito imene mukufuna kugwirayo sikufuna chilolezo. Khonsolo imayenera kuyankha pasanathe milungu 6.

Ngati nyumba yanu siili pa mndandanda koma ili m'dera lotetezedwa, pali mafunso awiri. Loyamba: ndi nyumba yathunthu ya banja limodzi kapena ndi fulati? Nyumba yathunthu ili ndi ufulu wosintha mawindo popanda chilolezo, malinga ngati atsopanowo akuoneka mofanana ndi akale. Fulati ilibe ufulu umenewo, ngakhale ikhale m'nyumba yakale imene inangogawidwa pawiri. Lachiwiri ndi la Article 4 lija. Ngati lilipo ndipo likukhudza mawindo, mufunika chilolezo cha mapulani, chotchedwa planning permission, ngakhale nyumbayo ikhale yathunthu. Chilolezo chimenechi chimalipiridwa.

Yambani ndi kukonza

Khonsolo ikalandira pempho lochotsa windo lakale, funso lake loyamba limakhala lakuti, kodi windoli silingakonzeke? Ndi bwino kudzifunsa nokha funso limeneli musanafunsidwe.

Njira yoyamba ndi kukonza windo lomwelo. Kalipentala wodziwa mawindo akale amadula gawo lowolalo n'kulumikizapo thabwa latsopano, amasintha thabwa lapansi limene limalandira mvula, amaika zingwe zatsopano, n'kulinganiza zitsulo zija kuti windo liziyenda mosavuta. Kenako amaika timizere totseka mipata m'mbali monse. Kuzizira kochuluka kumene anthu amadandaula nako kumachokera m'mipata imeneyi. Windo lachitsulo, monga a kampani ya Crittall amene anafala m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, nalonso limakonzeka pochotsa dzimbiri ndi kuwotcherera zigawo zatsopano.

Njira yachiwiri ndi kuika windo lina lopyapyala m'kati mwa chipinda, kuseri kwa lakalelo, imene imatchedwa secondary glazing. Lakale limatsala mmene linalili, kunja sikusintha kanthu, koma kutentha kumasungika ndipo phokoso la mumsewu limachepa kwambiri. Makhonsolo ambiri amaivomereza njirayi mosavuta chifukwa windo lam'katilo likhoza kuchotsedwa tsiku lina osawononga chilichonse. Komabe m'nyumba ya pa mndandanda funsani kaye, makamaka ngati m'kati muli zitseko zamatabwa zotsekera mawindo kapena zokongoletsa zakale zimene zingadulidwe poliika.

Njira yachitatu ndi magalasi awiri opyapyala. Magalasi awiri a masiku onse amakhala okhuthala mamilimita 24 mpaka 28, ndipo sangalowe m'timatabwa topyapyala ta windo lakale. Alipo ena opyapyala, a mamilimita 11 mpaka 14, komanso ena ochotsedwa mpweya pakati amene amachepera pamenepo. Mu July 2024, bungwe la Historic England linatulutsa malangizo okhudza kusunga kutentha m'nyumba zakale, ndipo malangizowo amatsegula khomo la magalasi oterewa pamene windo lilibe galasi lakale ndiponso felemu yake ikhoza kunyamula kulemera kwake. Chilolezo chimafunikabe, ndipo nyumba iliyonse imaonedwa payokha.

Chenjezo la thanzi: penti ya m'nyumba zakale nthawi zambiri imakhala ndi mtovu. Musaipale youma kapena kuiwotcha ndi moto, makamaka m'nyumba mmene muli ana kapena mayi woyembekezera.

Kapemphedwe ka chilolezo

Ngati windo lawoleratu, kapena ngati limene lilipo ndi la posachedwa losagwirizana ndi nyumbayo, kusintha n'kotheka. Pempho limaperekedwa ku khonsolo, kawirikawiri kudzera pa tsamba la Planning Portal. Ku England kupempha chilolezo cha nyumba ya pa mndandanda sikulipiridwa. Ndalama zimapita kwa wojambula mapulani ndi kwa katswiri amene angakulembereni lipoti. Makhonsolo ambiri amaperekanso uphungu munthu asanapemphe, ndipo uphungu umenewo nthawi zambiri umalipiridwa, koma umapulumutsa miyezi.

Pempho labwino limakhala ndi zinthu izi. Zithunzi za windo lililonse, kunja ndi m'kati, chilichonse ndi nambala yake. Lipoti la mmene windo lililonse lilili, losonyeza pamene pawola ndi chifukwa chimene kukonza sikungathekere. Zojambula za windo lakale ndi latsopano, kuphatikizapo zosonyeza kukula kwenikweni kwa felemu ndi timatabwa tolekanitsa magalasi. Pomaliza, chikalata chachifupi chofotokoza mbiri ya nyumbayo ndi mmene ntchitoyo idzaikhudzire, chotchedwa heritage statement. Kabuku kotsatsa malonda ka kampani sikalowa m'malo mwa zojambulazi, ndipo mapempho ambiri amachedwa chifukwa cha zimenezi.

Khonsolo imalengeza pempholo kuti anthu apereke maganizo awo kwa masiku 21, ndipo imayenera kugamula pasanathe milungu 8, ngakhale kuti nthawi zina imapempha kuwonjezera nthawi. Ngati nyumbayo ndi ya Grade I kapena Grade II*, bungwe la Historic England limadziwitsidwanso. Chilolezo chikatuluka, werengani mfundo zonse zimene zalembedwa pansi pake. Zina zimafuna kuti muonetse chitsanzo cha thabwa, galasi kapena penti ntchito isanayambe. Kawirikawiri mumapatsidwa zaka 3 kuti muyambe ntchitoyo.

Kusankha wopanga mawindo

Apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayika. Makampani ena amalemba pa malonda awo kuti mawindo awo ndi ovomerezeka m'madera otetezedwa. Dziwani kuti palibe windo limene linavomerezedwa kale dziko lonse. Chimene khonsolo ina inalola pa nyumba ina sichimanga khonsolo yanu pa nyumba yanu. Wogulitsa akakuuzani kuti "musadandaule, taika ambiri mumsewu uno", kumbukirani kuti safunsa anadya phula, ndipo kalata ya khonsolo ikadzabwera idzalembedwa dzina lanu.

Funani kalipentala kapena kampani imene imapanga windo lililonse motsatira muyeso wa nyumbayo. Afunseni kuti akuonetseni nyumba zotetezedwa zimene anagwirako ntchito, ndipo mukayang'ane mapempho a nyumbazo pa tsamba la khonsolo, popeza ndi oonekera kwa aliyense. Afunseni ngati amajambula okha zojambula zoperekera ku khonsolo. Mmisiri amene anazolowera ntchito yotereyi sadabwa ndi funso limeneli. Bungwe la SPAB, limene William Morris ndi anzake anayambitsa mu 1877 pofuna kuteteza nyumba zakale, limapereka uphungu kwa eni nyumba, ndipo ndi poyambira pabwino.

Poyerekeza makotesheni, onani zinthu zimene khonsolo imayang'ana. Kodi windolo likutseguka mofanana ndi lakale, kapena ndi lokankhira kunja longooneka ngati lokweza? Kodi timatabwa tolekanitsa magalasi ndi tenitenidi, kapena tangomatidwa pamwamba pa galasi limodzi lalikulu? Kodi ndi tokhuthala bwanji poyerekeza ndi takale? Kodi galasi lagwidwa ndi phala lomatira monga kale, kapena ndi timatabwa tokhomera? Kodi felemu idzalowa m'khoma kufika pamene yakale inalekezera? Kodi pali tizibowo ta mpweya tapulasitiki toonekera kunja? Windo la pulasitiki la uPVC silivomerezedwa kawirikawiri pa nyumba ya pa mndandanda. M'dera lotetezedwa zimadalira khonsolo ndi mbali ya nyumba imene windolo lili.

Musapereke dipoziti yopangira mawindo chilolezo chisanatuluke. Windo lopangidwa pa muyeso wa nyumba yanu silibwezedwa kusitolo. Ngati kampani ikufuna kuti musayine msanga, pamgwirizanopo palembedwe kuti kupanga kudzayamba chilolezo chikapezeka, ndiponso kuti mawindowo adzatsatira zojambula zimene khonsolo yavomereza, manambala ake atatchulidwa. Mawindo akafika, ayerekezeni ndi zojambulazo asanazule akale.

Malamulo a kamangidwe ndi nkhani ina

Kuwonjezera pa chilolezo, palinso malamulo a kamangidwe, otchedwa Building Regulations. Kuyambira mu April 2002, windo lililonse losinthidwa lonse limayenera kutsatira malamulowa pa nkhani ya kusunga kutentha, mpweya wolowa m'nyumba, galasi losavulaza likasweka pamalo otsika, ndi pothawira moto. Woika mawindo amene analembetsa ku bungwe la FENSA kapena la CERTASS amatha kudzitsimikizira yekha ntchito yake n'kukupatsani satifiketi. Ngati sanalembetse, mumadziwitsa ofesi yoyendera zomangamanga kuti idzaone ntchitoyo.

Satifiketi ya FENSA si chilolezo cha khonsolo. Mukhoza kukhala nayo m'manja koma mutaphwanya lamulo la nyumba zotetezedwa. Kumbali ina, nyumba za pa mndandanda ndi za m'madera otetezedwa zimapeputsiridwa pa muyeso wa kusunga kutentha ngati kuutsatira kungawononge maonekedwe ake. Choncho wogulitsa akanena kuti lamulo likukukakamizani kuika magalasi awiri okhuthala, musangovomera. Za chitetezo cha moyo zokha ndizo sizinyengereredwa: windo limene linali pothawira moto lisachepetsedwe.

Zimene zimachitika kawirikawiri

Banja lagula nyumba ya Grade II, ndipo lapeza kuti mwini wakale anaika mawindo a pulasitiki popanda chilolezo. Mlandu wa kukhothi ndi wa amene anagwira ntchitoyo, koma khonsolo ikhoza kulamula mwini watsopano kuti awachotse ndi ndalama zake. Pa nyumba ya pa mndandanda lamulo limeneli silitha mphamvu ngakhale papite zaka zambiri. N'chifukwa chake musanagule, loya wanu afunse zilolezo za ntchito iliyonse imene inachitika pa mawindo. Ngati palibe, kambiranani zotsitsa mtengo kapena wogulitsayo akonze yekha.

Mayi akuchita lendi m'fulati ya m'nyumba yakale, ndipo windo la kuchipinda kwa ana lawola, likulowetsa madzi. Udindo wokonza kunja kwa nyumba, kuphatikizapo mawindo, ndi wa mwini nyumba. Kutetezedwa kwa nyumbayo si chifukwa choti aleke kukonza. Mayiyo alembe kalata kapena uthenga, asunge zithunzi, ndipo ngati mwini nyumba sakuchitapo kanthu, akadandaule ku nthambi ya khonsolo yoona za nyumba zalendi. Asasinthe windolo yekha.

Bambo ali ndi fulati yogula pa mgwirizano wa zaka zambiri, umene umatchedwa leasehold, m'dera lotetezedwa. Iye akufunika makalata awiri: chilolezo cha khonsolo ngati maonekedwe akunja asintha, ndi chilolezo cha mwini nyumba yonseyo. M'migwirizano yambiri mafelemu a mawindo sakhala a mwini fulati, choncho awerenge mgwirizano wake asanaitane mmisiri.

Wakuba waswa windo usiku, kapena mphepo yamkuntho yalizula. Lamulo limalola ntchito yadzidzidzi yoteteza anthu ndi nyumbayo, koma ikhale yochepa yongokwanira kuthetsa ngoziyo, ndipo khonsolo idziwitsidwe mwa kalata mwamsanga. Tsekani ndi thabwa, jambulani zithunzi, sungani zidutswa za felemu. Ngozi si mwayi wosinthira mawindo onse.

Mmisiri walembedwa ntchito yoika mawindo, ndipo mwini nyumba akuti zonse zili m'malo. Mmisiri apemphe kuona chilolezocho ndi maso ake, chifukwa lamulo limagwira amene walamula ntchito ndi amene waigwira. Kunena kuti sindimadziwa kuti nyumbayo ndi yotetezedwa sikupulumutsa munthu kukhothi.

Mukaphwanya lamulo, kapena akakukanani

Kusintha nyumba ya pa mndandanda popanda chilolezo ndi mlandu wa upandu. Khothi likhoza kupereka chindapusa chopanda malire, ndipo pa milandu ikuluikulu munthu akhoza kukhala kundende mpaka zaka 2. Kawirikawiri khonsolo imayamba ndi kukambirana, kenako n'kupereka kalata yolamula kuti zinthu zibwezeretsedwe mmene zinalili. M'dera lotetezedwa, pa nyumba yosakhala pa mndandanda, kusintha mawindo popanda chilolezo si mlandu wa upandu poyamba, koma kunyalanyaza kalata yolamulayo ndi mlandu. Pa ntchito zotere zomalizidwa kuyambira kumapeto kwa April 2024, khonsolo ku England ili ndi zaka 10 zochitirapo kanthu.

Ngati munasintha kale mosadziwa, musabise. Mukhoza kupempha chilolezo cha ntchito imene yachitika kale. Sichifufuta kulakwa kwa m'mbuyo, ndipo akhoza kukana, koma munthu wodziulula yekha amapeza mpata wokambirana za nthawi ndi njira yokonzera. Kubisa kumangoyembekezera tsiku logulitsa nyumba, pamene loya wa wogula adzafunse mapepala.

Muli ndi ufulu nanunso. Khonsolo ikakana, iyenera kulemba zifukwa zake. Mukhoza kukonza pempho lanu motsatira zifukwazo n'kuliperekanso, ndipo nthawi zambiri imeneyi ndiyo njira yachidule. Mukhozanso kuchita apilo ku Planning Inspectorate, bungwe loima palokha. Pa chilolezo cha nyumba ya pa mndandanda muli ndi miyezi 6 yochitira apilo, pamene pa chilolezo cha mapulani cha ntchito ya panyumba ya banja muli ndi milungu 12 yokha. Nthawi yochitira apiloyi imalembedwa m'kalata yokanayo, ndipo ikadutsa mwayi watha.

Kwa okhala ku Scotland, Wales ndi Northern Ireland

Zimene tafotokozazi ndi za ku England. Ku Scotland nyumba zimaikidwa m'magulu A, B ndi C, ndipo mndandanda umasungidwa ndi Historic Environment Scotland. Ku Wales bungwe lake ndi Cadw. Northern Ireland nayo ili ndi malamulo ndi magulu akeake. Mfundo yaikulu ndi imodzimodzi konseko, koma mafomu, nthawi ndi zololedwa popanda chilolezo zimasiyana, choncho funsani khonsolo ya kumene mukukhala.

Udindo ndi wa tonse

Lamuloli limalemera, makamaka kwa banja limene likuzizidwa ndipo lilibe ndalama zambiri. Windo lamatabwa lopangidwa pa muyeso ndi lodula kuposa la pulasitiki, ndipo kudikira milungu 8 m'nyengo yachisanu si chinthu chopepuka. Koma njira zotenthetsera nyumba popanda kuphwanya lamulo zilipo, ndipo ziwiri mwa izo, kutseka mipata ndi kuika windo lam'kati, nthawi zambiri ndi zotsika mtengo kuposa kusintha mawindo onse. Ngati mukufuna kuti nyumba ikhale yofunda chisanu chisanafike, yambani kufufuza ndi kulemba makalata miyezi yotentha, poganizira nthawi ya khonsolo ndi ya kalipentala.

Sungani m'failo imodzi kalata iliyonse ya khonsolo, zojambula zovomerezedwa, malisiti ndi satifiketi. Ndipo mukamva mnansi kapena m'bale wa kutchalitchi akukamba zosintha mawindo a nyumba yakale, mufunseni ngati wayang'ana pa mndandanda ndiponso ngati walankhula ndi khonsolo. Funso limenelo likafunsidwa dipoziti isanaperekedwe, limamupulumutsa ku chindapusa ndi ku ntchito yobwereza.